Mankhwala odontheza m'maso otsala kwa apongozi, ndingamupatse mwana?

Mayi a Tadala: Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Apongozi anga aamuna anawachita opaleshoni ya ng'ala, ndipo powatulutsa anawalembera mankhwala odontheza m'maso. Pabotolo palembedwa tobramycin 0.3% ndi dexamethasone 0.1%. Diso lawo linapola bwinobwino, mankhwala n'kutsala pafupifupi theka. Tsopano Tadala wadzuka diso lamanzere lili psuu, manthongo atamata zikope moti ndachita kumupukuta ndi madzi ofunda kuti aphenye. Kapepala ka m'katoni kakuti mankhwalawa ndi a kutupa komanso mabakiteriya. Ndimudonthezere omwewa?

Achisale: Donthezani mayi, musadzivute. Ine omwewo sasowa m'kabati mwanga. Diso likangofiira, dontho limodzi pogona, m'mawa layera mbee. Ndi amphamvu zedi amenewo.

Nabanda: Mayi a Tadala, imani kaye chonde. Ine ndimagwira ntchito mu famasi, ndipo botolo limenelo si lopereka popanda chikalata cha dokotala. Linatsegulidwa liti? Mankhwala ambiri a m'maso akatsegulidwa amatayidwa pakatha masiku 28, ngakhale deti la pakatoni likhale la chaka chamawa. Deti limenelo ndi la botolo losatsegula. Komanso kamlomo ka botolo kamakhudza nsidze ndi zikope za mwini wake, ndiye zimene zinali m'diso la apongozi anu mukhoza kuzisamutsira kwa mwana. Koma nkhani yaikulu ndi dexamethasone yemweyo. ANgozo, bwerani kuno, iyi ndi ntchito yanu.

Mayi a Tadala: Papita miyezi ingapo chitsegulireni. Ndiye kuti ngakhale eni akewo asagwiritsenso ntchito?

Nabanda: Eya mayi, limenelo n'lotaya basi.

aNgozo: Zikomo aNabanda. Kwa amene sandidziwa, ine ndimayeza ndi kuchiza maso, ndipo botolo limeneli ndimakumana nalo pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zambiri lili m'thumba la munthu amene sanalemberedwe.

M'menemo muli mankhwala awiri a ntchito zosiyana. Tobramycin ndi wopha mabakiteriya, wa gulu limodzi ndi gentamicin ndi neomycin. Dexamethasone ndi steroid. Iyeyu sapha kachilombo kalikonse. Chimene amachita ndi kugoneka chitetezo cha thupi pamalopo kuti kutupa, kufiira ndi kuyabwa zichepe. N'chifukwa chake aChisale amadzuka diso litayera. Layera chifukwa thupi lasiya kulimbana, kaya chimene chinayambitsa vutolo chikadalipo kapena ayi.

Mayi a Tadala, kwa apongozi anu zinali zoyenera. Chimene chinatupitsa diso lawo chinali chodziwika, ndi mpeni wa dokotala womwe, ndipo pabalapo pankafunika kutchinga mabakiteriya. Diso la Tadala palibe amene waliunika. Akhoza kukhala mabakiteriya, vairasi, aleji, kachitsotso kobisala kunsi kwa chikope, kapena chilonda pa cornea, kagalasi koonekera kamene kali kutsogolo kwa diso. Zonsezi mukaziona panja n'zofanana, kufiira basi.

Chimene ife timaopa kwambiri ndi herpes simplex, kachilombo kotulutsa timatuza pamlomo kaja. Kakafika pa cornea kamapanga kachilonda kovuta kukaona ndi maso okha. Timaika mankhwala achikasu otchedwa fluorescein, n'kuunika ndi getsi la buluu, ndiye chilondacho chimawala mobiriwira, chili ndi tinthambi ngati kamtengo kouma. Mukadontheza steroid pamenepo ululu umachepa, mwini diso amasangalala, uku tinthambi tija tikufutukuka n'kulumikizana kukhala chilonda chimodzi chachikulu. Chikapola chimasiya chipsera choyera, ndipo chikakhala pakati poonera munthu amaona mbuu moyo wake wonse. Fangasi nayenso chimodzimodzi, makamaka munthu akalasidwa m'diso ndi tsamba, udzu kapena kanthambi. Steroid amamupatsa mpata wolowerera mpaka cornea kubooka.

Achisale: Komatu achimwene mukungotiopseza. Akanakhala oopsa choncho bwenzi akuwapangiranji? Ine ndagwiritsa ntchito nthawi yaitali ndithu, maso anga ali bwinobwino. Timalemba ta pafoni ndimawerenga popanda magalasi.

aNgozo: Amawapangira anthu amene aunikidwa kale, achimwene. Wochitidwa opaleshoni, wotupa m'mphepete mwa zikope mabakiteriya alipo, ndi ena otero, kwa masiku owerengeka, dokotala akutsatira. Pamenepo ndi mankhwala abwino kwambiri ndipo ine ndimalemba ndithu.

Koma zoti mumawerenga pafoni sizikundikhazika mtima pansi. M'diso muli madzi amene amapangidwa ndi kutuluka nthawi zonse, ndipo amatulukira pa kasefa kakang'ono m'mphepete mwa gawo lakuda lija. Pulesha ya madziwo kwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg. Steroid amatseka kasefako pang'onopang'ono, pulesha n'kukwera, n'kumaononga mtsempha umene umatenga zimene mwaona kupita nazo ku ubongo. Imeneyo ndiye glaucoma. M'zaka za m'ma 1960 madokotala awiri a ku America, Armaly ndi Becker, anaonetsa kuti anthu akadonthezedwa steroid wamphamvu kwa milungu 4 mpaka 6, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse pulesha imakwera, ndipo pafupifupi 5 mwa 100 imakwera kwambiri. Muli gulu liti simungadziwe nokha, chifukwa sizipweteka. Glaucoma imayamba kudya m'mbali, pakati pamatsalira, ndiye munthu amawerenga foni bwinobwino uku m'mbali mukutha. Mtsempha umenewo ukafa wafa, palibe dontho kapena opaleshoni youbwezeretsa.

Werengani kapepala ka m'katoni yanuyo. Mupeza akunena kuti mankhwalawa akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, pulesha iziyezedwa. Ana, odwala shuga, amene ali ndi vuto lalikulu losaona patali, ndi amene kwawo kuli glaucoma ndiwo amakhudzidwa msanga. Pamwamba pa izo steroid wa nthawi yaitali amabweretsa ng'ala, ngakhale kwa munthu wamng'ono.

Achisale: Ndiye pulesha yakeyo amayeza bwanji? Si zobaya m'diso?

aNgozo: Ayi, palibe singano. Timadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, kenako kachipangizo kamakhudza pamwamba pa diso pang'ono chabe. Makina ena amangopemerera mphepo. Mphindi zochepa zatha. Popita tengani botolo lanulo akalione, ndipo muwauze zoona za nthawi imene mwakhala mukuligwiritsa ntchito. Ngati mumadontheza tsiku ndi tsiku, kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweza kufiira mwamphamvu kuposa kale, n'chifukwa chake anthu amabwereranso ku botolo lomwelo. Dokotala amachepetsa pang'onopang'ono uku akufufuza chimene chimafiiritsa maso anuwo. Nthawi zambiri timapeza kuti ndi kuuma kwa maso kapena aleji, zimene zili ndi mankhwala ake osaopsa.

Achisale: Tiona. Koma ndikubwerezabe, amagwira ntchito.

Nabanda: Palibe wakana kuti amagwira, achimwene.

Mayi a Tadala: Ndamva, botolo ndaliika patali. Nanga mwanayu ndimuchite chiyani pakadali pano?

aNgozo: Wiritsani madzi, azizire, muviike kathonje koyera n'kupukuta kuchokera ku mphuno kupita kunja, kamodzi kokha n'kutaya. Diso lililonse thonje lake. Thaulo ndi pilo zikhale zake zokha, ndipo inu muzisamba m'manja ndi sopo mukamugwira, apo ayi mawa mudzuka nonse muli psuu. Kenako mupite naye akamuone.

Manthongo okhuthala achikasu omata zikope nthawi zambiri amasonyeza mabakiteriya, monga Haemophilus influenzae, Streptococcus pneumoniae kapena Staphylococcus aureus. Matenda amenewa ambiri amatha okha pasanathe milungu iwiri, mankhwala amangofulumizitsa ndi kuchepetsa kupatsirana, ndipo akafunika amakhala opha mabakiteriya okha, opanda steroid. Likamangotuluka misozi yamadzimadzi, mwana ali ndi chimfine, kutsogolo kwa khutu kuli kamwanabere kopweteka, ameneyo kawirikawiri ndi adenovirus. Pamenepo opha mabakiteriya monga tobramycin kaya chloramphenicol alibe chochita, vairasi imatha yokha.

Koma izi musadikire nazo kucha: akamalira ndi ululu weniweni osati kungonyerenyetsa, akamathawa kuwala, akamati sakuona bwino ngakhale mwapukuta manthongo, mukaona kadontho koyera pagawo lakuda, ngati anavulala m'disomo, kapena zikope zatupa mpaka kutsekeka thupi likutentha.

Mphatso: Pepani ndilowererepo ndi yanga. Mwana wa achemwali anga maso amamuyabwa chaka chonse, makamaka kukatentha, amangotikita mpaka poyera paja pasanduka pabulawuni. Pali kabotolo kamene amayi ake amamugulira, akadontheza amapeza bwino, akasiya zimayambiranso. Ndingadziwe bwanji ngati muli steroid? Dzina lake pakatoni ndi lina lachilendo.

Nabanda: Achemwali, musayang'ane dzina lalikulu, yang'anani timalemba tating'ono kunsi kwake. Mukaona dexamethasone, betamethasone, prednisolone, hydrocortisone, fluorometholone kapena loteprednol, ameneyo ndi steroid. Mayina a malonda ndiwo amasokoneza. TobraDex ndi tobramycin ndi dexamethasone. Maxitrol muli neomycin, polymyxin B ndi dexamethasone. Betnesol-N ndi betamethasone ndi neomycin. Ndipo makampani ambiri amapanga zomwezo pansi pa mayina awo. Jambulani katoniyo mbali zonse mutitumizire.

China choti mudziwe, neomycin amawenga anthu ambiri ndithu. Munthu amadontheza, zikope zimayamba kufiira ndi kusenda, iye n'kumaganiza kuti matenda akula, n'kuonjezera madontho. Pamene chikumudwalitsa ndi botolo lomwelo.

aNgozo: AMphatso, zimene mwafotokozazo zikumveka ngati aleji ya ana imene timaitcha vernal keratoconjunctivitis, yofala kumadera otentha, makamaka kwa anyamata. Sindingatsimikize ndisanamuone. Koma ndikuuzeni, ana amene ndimawamvera chisoni kwambiri pantchito yanga ndi amenewa. Matenda ake ambiri amazilala okha mwana akamakula, koma ena pofika pamenepo amakhala ataonongeka maso ndi steroid wogula popanda woyang'anira. Matendawa mulibe mabakiteriya, ndiye ngati botololo lili la mitundu imene atchula aNabandayi, theka lake n'lopanda ntchito kwa iye, theka linalo ndiye loopsa. Pali mankhwala ogwiritsa ntchito nthawi yaitali monga sodium cromoglicate ndi olopatadine. Steroid timamuika pokhapokha zavuta, kwa kanthawi, tikuyeza pulesha. Mwanayo akayezedwe sabata ino, osati kudikira botolo lithe.

Mphatso: Zikomo achimwene, ndiwaimbira achemwali usiku uno.

Mayi a Tadala: Ndabwera nacho chotsatira. Tinapita, anamuika mankhwala achikasu aja n'kumuunika, akuti chilonda palibe. Amulembera chloramphenicol 0.5% wodontheza, ndi wina wamafuta 1% wopaka pogona. Vuto ndi lakuti mwanayu akangoona botolo amatsinzina zolimba n'kuyamba kuphiriphitha, madontho onse akuthera patsaya. Ndiye ndikumaika atatu kapena anayi kuti mwina limodzi lilowe.

Nabanda: Koyamba, wodontheza uja musunge mu furiji, pakati pa 2 ndi 8 digiri, koma asaume. Wamafuta safuna furiji. Lembani pabotolo tsiku limene mwatsegula. Ndipo mumalize masiku amene akuuzani ngakhale diso liyere msanga.

Za mwana wotsinzina musalimbane naye. Mugonekeni chagada, mutu pamiyendo panu, muuzeni atseke maso momwe akufunira. Donthezani dontho limodzi pakakona ka diso kamene kali pafupi ndi mphuno, likhale pamenepo. Kenako muuzeni aphethire. Akangotsegula, dontho limalowa lokha. Kuzizira kwa mu furiji kumathandizanso, chifukwa mwana amamva kuti lalowa.

aNgozo: Ndionjezere za madontho atatu kapena anayiwo. Limodzi likalowa n'lokwanira. Dontho la m'botolo limakhala pafupifupi ma microlitre 25 mpaka 50, pamene diso silingasunge oposa 30, ndipo misozi imene imakhalamo nthawi zonse ndi pafupifupi 7 okha. Ndiye dontho limodzi lomwelo limasefukira kale. Lachiwiri limangotsuka loyamba.

Kwa akuluakulu: sambani m'manja, weramitsirani mutu kumbuyo, kokerani chikope cham'munsi pansi ndi chala kuti pakhale kathumba, yang'anani kumwamba, dontho ligwere m'kathumbamo osati pakati pa diso. Kamlomo ka botolo kasakhudze diso, nsidze kapena chala. Mukatero tsekani maso mofatsa, osaphethiraphethira. Ngati mankhwala anu ndi oyera ngati mkaka, monga tobramycin ndi dexamethasone uja kapena prednisolone acetate, khutchumulani botolo kaye, chifukwa steroid amadikha pansi. Osakhutchumula, masiku oyamba mumadontheza madzi okhaokha, omalizira n'kukhala okhuthala mopitirira.

Mayi a Tadala, ngati nthawi ya awiriwo yakumana, yambani wodontheza, dikirani mphindi 5, wamafuta pomaliza. Mukayamba wamafuta, dontho limangotsetsereka pamwamba.

Yamikani: Funso lopusa mwina. N'chifukwa chiyani ndikadontheza m'maso ndimamva kuwawa kukhosi? Ndinkaganiza kuti ndine ndekha.

aNgozo: Si lopusa, ndipo simuli nokha. Pakakona ka mkati ka chikope chilichonse pali kabowo kakang'ono, mukayang'ana pagalasi mutakokera chikope pansi mukaona. Misozi imalowa m'menemo, n'kutsika ndi kanjira kopita m'mphuno, kenako kukhosi. N'chifukwa chake munthu akalira amatuluka mamina. Mankhwala amatsata njira yomweyo, ndipo chloramphenicol ndi wowawa kwambiri. Mukadontheza, tsinzinani n'kukanikiza pang'ono ndi chala pakati pa diso ndi mphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kuwawako kumachepa, mankhwala amakhalitsa m'diso, ndipo olowa m'magazi amachepa. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene amadontheza timolol wa glaucoma, chifukwa ameneyo akalowa m'thupi amatha kuchepetsa kugunda kwa mtima ndi kudzutsa mphumu.

Chikondi: Ine ndimavala ma contact lens, timagalasi tija toika pa diso penipeni. Diso lakumanja layamba kufiira ndi kulasa ngati muli mchenga. Ndingadontheze ma lens ali m'maso, kapena ndizivula kaye?

aNgozo: Achemwali, vulani panopa, musavalenso, ndipo mukaonedwe lero lomwe. Sindikukokomeza. Diso lofiira la munthu wovala ma lens timalitenga ngati chilonda cha cornea mpaka titatsimikiza kuti sichoncho. Pali bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa amene amakonda ma lens ndi timabokosi tosungiramo, ndipo amatha kuononga cornea m'masiku awiri okha. Chloramphenicol samugwira. Amafuna mankhwala monga ciprofloxacin, ofloxacin kapena levofloxacin, ndipo poyamba amadonthezedwa ola lililonse, usiku womwe. Steroid musayerekeze. Tengani ma lens ndi kabokosi kake popita, nthawi zina amafuna kuziyeza.

Funso lanu lenilenilo, la masiku amene diso lili bwino: mabotolo ambiri muli benzalkonium chloride woteteza mankhwala kuti asaonongeke, ndipo ma lens ofewa amamumwa n'kumapsereza diso. Mumavula, kudontheza, kudikira mphindi 15, kenako kuvala.

Chikondi: Eee, chabwino ndavula. Ndikunyamuka.

Nabanda: Pseudomonas ameneyu ndi yemwe anavuta ku America mu 2023. Anapezeka m'mabotolo a misozi yopanga, yongofewetsa maso, imene inalibe mankhwala oteteza. Bungwe loona za matenda m'dzikolo la CDC linalengeza za anthu 81 m'zigawo 18. Anthu 14 anasiya kuona, 4 anachotsedwa diso, 4 anamwalira. Amenewo anali mabotolo oipitsidwa kuchokera kufakitale. Ndiye ganizirani botolo lotsegula limene lakhala m'kabati miyezi, likuyenda m'manja mwa anthu a nyumba yonse.

Agogo a Pemphero: Ana anga, ine ndangowerenga mwakachetechete, koma ndili ndi langa. Mdzukulu wanga wabadwa kumene, sanakwanitse ndi sabata. Maso onse awiri akutuluka mafinya, zikope zatupa. Amayi ake akuti ndi manthongo a ukhanda, atha okha. Mankhwala a Tadalawo angathandize?

aNgozo: Agogo, pepani ndilankhula mosapsatira. Khandalo lipite kuchipatala tsopano lino, ngakhale kuli usiku. Mwana wosakwana masiku 28 akatuluka mafinya m'maso zikope zitatupa, sitimuyesa mankhwala a kunyumba. N'zoona kuti makanda ena amangotuluka misozi ndi timanthongo chifukwa kanjira ka misozi sikanatseguke, koma pamenepo zikope sizitupa ndipo diso silifiira. Zimene mwafotokozazi zimatha kuchokera ku tizilombo timene mwana amatenga pobadwa, monga ta chinzonono kapena chlamydia, ndipo mayi akhoza kukhala nato osamva chilichonse m'thupi. Ta chinzonono timaonekera m'masiku oyambirira ndipo timaboola cornea mofulumira kwambiri. Madontho okha sakwanira, pamafunika jakisoni monga ceftriaxone, ndipo chlamydia amafuna mankhwala akumwa chifukwa amatha kufika m'mapapo. Vuto limeneli ndi lakale. Dokotala Credé wa ku Leipzig anayamba kudontheza silver nitrate m'maso mwa makanda cha m'ma 1880 pofuna kuliletsa, ndipo mafuta a tetracycline kapena erythromycin amene amapaka ana akangobadwa ndi olowa m'malo mwake. Koma kupakidwa pobadwa sikutanthauza kuti mwana sangadwale.

Akakapeza kuti ndi zimenezo, amayi ake ndi bambo ake onse awiri ayenera kulandira mankhwala. Nkhani imeneyo muwasiyire a chipatala akaifotokoze okha, inu ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti mwana wafika.

Agogo a Pemphero: Ndamva mwana wanga. Podikira galimoto ndizimupukuta?

aNgozo: Pukutani kunja kokha ndi thonje loviika m'madzi owiritsa ozizira, osakanula zikope mokakamiza chifukwa mafinya amatha kuthovokera m'maso mwanu, ndipo musambe m'manja mukamaliza. Musaikemo china chilichonse. Mutenge ndi buku lake la kuchipatala komanso la amayi ake la sikelo, akafuna kuona zimene anayezedwa ali oyembekezera.